Mkono wa Abiti Sitima

Kwathu kwa Kalembo, mkazi akamwalira, uthenga unkayamba wafika kwa Abiti Sitima usanapite ngakhale kwa shehe. Dzina lawo lenileni linali Nafisa, koma ndi ochepa amene ankalidziwa. Anali akulu awo a mayi anga, ndiye ine ndinkangoti amayi aakulu. Ntchito yawo inali yosambitsa maliro a akazi, ndipo anaigwira zaka zoposa makumi awiri osalandirapo kanthu kupatula "sikomo" ndi kachidutswa ka sopo kotsala.

Anali mayi wamfupi, wa manja akuluakulu ngati a mwamuna. Sankathamanga, sankakweza mawu. Akafika pa siwa ankayamba wafunsa nkhuni, chifukwa madzi osambitsira ankafuna ofunda, ndipo ankawayesa ndi chigongono monga tichitira posambitsa khanda. Wina akanena kuti womwalira samva kuzizira, ankamuyang'ana kaye n'kufunsa kuti, "Anakuuza ndani? Unayamba wafako?" Ankayambira kusambitsa dzanja lamanja, chala chilichonse pachokha, uku akulankhula ndi womwalirayo chapansipansi: tsopano tikukutembenuzani, musadabwe.

Ine manja amenewo ndinkawaopa, ndisaname. Ndinakula ndikuwaopa, ndinakwatiwa, ndinabereka ana atatu ndikuwaopabe. Akasenda chinangwa n'kundipatsa ndinkanamizira m'mimba. Iwo ankadziwa. Ankangoseka n'kunena kuti, "Idya, Lukiya. Lero sindinagwire munthu, ndagwira khasu lokha." Popereka moni ndinkagwada patali, manja anga ndili nawo pachifuwa ngati ndi ulemu, chonsecho anali mantha.

Chotupa chawo ndinachiona mwangozi m'chaka cha 1983, titayamba kusosa m'minda. Tinali pachitsime, iwo akufuna kudzitwika ndowa, ndowayo n'kuwapulumuka. Nsalu imene ankakulunga pamkono wamanja inamasuka. Pakati pa dzanja ndi chigongono panali chinthu chotupa ngati bango lalikulu losapsa, khungu lake lowala, mitsempha itatuluka. Pamwamba pake panali mphini zisanu ndi imodzi, ziwiri zikutuluka madzi.

"Chayamba liti chimenechi?" ndinafunsa.

"Kale."

"Kale lake liti, amayi?"

"Mvula yagwa kawiri. Usakauze amako."

Ndinakawauza tsiku lomwelo. Mkwiyo umene ndinali nawo sindinauiwale mpaka lero. Munthu wamkulu, woti amaona tsiku ndi tsiku kumene matenda obisa amafikitsa anthu, n'kumakatemetsa mphini kwa sing'anga mwakachetechete. Ku kachipatala ka kwathu adokotala aang'ono anangochigwira kamodzi, nkhope n'kusintha, n'kulemba kalata yoti tipite ku chipatala chachikulu ku Zomba. Amuna awo anali atamwalira, mwana analibe, ndipo mayi anga miyendo inali itayamba kuwavuta. Wokawadikirira kuchipatala anayenera kukhala ine. Ana ndinawasiya kwa mayi, ndinamanga poto ndi ufa, kadi ya chipani ndinaimangirira pamfundo ya chitenje, tinakwera basi.

Dokotala amene anationa ku Zomba anali bambo wamtali wa imvi, wolankhula modekha. Anasisita chotupacho mbali zonse, anapisa zala m'khwapa kufuna ngati muli mwanabele, anawauza kuti afumbate dzanja, atambasule. Zala ziwiri zinakana kutambasuka. Kenako anafunsa funso limene ndinkaganiza kuti palibe angayankhe: chinkakula bwanji, pang'onopang'ono kapena mofulumira?

Amayi aakulu anatulutsa kachitini ka tiyi mu kachikwama kawo. M'menemo munali timizere ta nsalu yoyera, takuti mbuu. Ine ndinatizindikira msanga. Tinali totsala ta nsanda, nsalu yokulungira maliro. Pong'amba tizingwe tomangira nsanda, iwo ankasungako kamodzi, akafika kunyumba n'kukazungulitsa pachotupa, n'kukadula pamene kakumanira. Maliro alionse, muyeso umodzi. Anachita zimenezi zaka ziwiri osauza munthu.

Dokotala anatiyala patebulo motsatana. Iwo ankamuthandiza ndi dzanja lamanzere, akutchula mayina.

"Aka ndi ka Mwajuma, anamwalira tikubzala. Aka ka mwana wa a Kachingwe, mwezi wa Ramazani. Aka ka Zelifa, chimanga chili chachiwisi."

Tinalipo makumi awiri ndi kamodzi. Toyambirira tinali pafupifupi tofanana. Tisanu tomaliza tinkatalika moonekeratu, kalikonse kuposa kanzake, ndipo tonse tisanu tinali ta miyezi inayi yokha. Dokotala anayang'anitsitsa timizereto. Anati pa zaka zake zonse sanalandirepo wodwala womubweretsera muyeso wabwino chotere. Sanamwetulire ponena zimenezo, ndipo ine ndinayamba kuopa kwambiri kuposa kale.

Anawajambula mkono, anawajambulanso chifuwa. Patapita masiku awiri anawabaya jekeseni wa dzanzi n'kudula kamnofu kochepa pachotupa, kuika mu kabotolo kuti kakapimidwe ku Blantyre. Tinadikira masabata atatu. Ine ndinkagona pansi pa bedi lawo, masana n'kumaphika kukhitchini ya odikirira odwala, kumene akazi anzanga ankandidzaza nkhani zoopsa ngati akundichitira chifundo. Wina amati ukalowa ku fiyeta, kochitira opareshoni, sudzuka. Wina amati ziwalo zodulidwa amaziwotcha m'ng'anjo kuseri kwa chipatala, utsi wake ndi uwo. Ndinkayesetsa kuti nkhanizi zisafike kwa amayi, koma mu wodi mawu amayenda okha.

Zotsatira zitabwera, dokotala anatiitanira m'chipinda chake. Anati ndi khansa, ya mtundu woyamba m'mnofu, ndipo yazinga mitsempha ndi fupa. Chifuwa chinali choyera, kutanthauza kuti inali isanafalikire. Akanabwera nacho chili ngati nzama akanangochichotsa chokha. Tsopano njira inali imodzi: kudula mkono pamwamba pa chigongono, ndipo sabata yomweyo.

"Iyayi," anatero amayi.

Dokotala anafotokozanso. Anati akasiya, pofika mvula ikubwerayi chidzakhala chitalowa m'mapapo, ndipo pamenepo iye sadzathanso kuchitapo kanthu.

"Ndamva, adokotala. Iyayi."

Titabwerera ku wodi ndinawakalipira monga sindinakalipirepo munthu wamkulu. Ndinati mukufuna ndikutengeni kumudzi mukafe ndikuona, inu amene munabisa dala? Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anandiuza nkhani imene ndinali ndisanaimvepo.

Zaka zambiri m'mbuyomo anaitanidwa kukasambitsa mayi wina wa kufupi ndi Nkaya, amene anadulidwa mkono wamanja atapwetekedwa ndi sitima. Mkonowo unatsala kuchipatala, palibe anautsatira.

"Ndinatenga madzi kuti ndiyambe," anatero, "koma poyambira panalibe. Ndinaima ngati chitsiru, madzi akudontha. Ndinamuuza chiyani mayi uja? Palibe. Ndiye iwe ukufuna ine ndikagone kwa Kalembo, mkono wanga uli utsi ku Zomba? Tsiku la Kiyama, akufa akamadzauka, ndikauyang'ana kuti? Imfa sindiiopa, Lukiya, ndaigwira ndi manja. Ndikuopa kupita wosakwana."

M'mawa mwake ndinatumiza uthenga kumudzi kudzera mwa munthu wina wa kwathu amene anabwera kudzaona wodwala wake. Yankho la shehe linabwera patapita masiku awiri. Anati chipembedzo sichiletsa kudula chiwalo pofuna kupulumutsa moyo, ndipo Allah sasowa chimene analenga. Koma chiwalo cha munthu ndi munthu ndithu, chiyenera kukwiriridwa mwaulemu. Ngati achipatala angalole, anyamata akumba kamanda.

Dokotala analola mosavuta, anati si koyamba Asilamu kupempha zimenezo. Amayi anandiyang'ana.

"Ukautenga ndiwe. Ukausambitsa ndiwe. Tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Ukalumbira, ndidinda pepala lawo. Ukakana, tiye kumudzi."

Ndinkafuna kunena kuti kuli akazi ena amene amawathandiza pa maliro. Ndinkafuna kunena kuti ine ngakhale nkhuku yakufa yokha sindiigwira. Koma ndinaona kuti sakuseka. Moyo wawo anauika pa ine, munthu amene ndinkakana chinangwa chosendedwa ndi dzanja limenelo. Ndinalumbira. Namwino anabweretsa pepala ndi inki, ndipo popeza sankadziwa kulemba, anadinda ndi chala chachikulu cha dzanja lomwelo.

Anawatenga Lachinayi m'mawa, mwezi wa Okutobala. Cha m'ma leveni namwino anabwera kudzandiuza kuti opareshoni yatha bwino, akupuma, adzuka masana. Anandipatsa katoni yaitali yomangidwa ndi chingwe, ndi kalata ya dokotala yokhala ndi chidindo, yofotokoza chimene ndanyamula. Anandichenjeza kawiri kuti kalatayo ndisaitaye. Katoniyo inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

Apa m'pamene ndinachita uchitsiru wanga. Ndinaopa kuti kalata ingagwe m'basi, kapena inyowe ndi thukuta ndikaiika m'chifuwa. Kwathu chinthu chofunika timachisunga pamodzi ndi mwini wake. Ndiye ndinamasula chingwe, osayang'ana, n'kuilowetsa kalatayo m'katoni mpaka pansi, kunsi kwa pulasitiki. Ndinamanganso, ndinakulunga chitenje chatsopano, ndinadzitwika.

M'basi ndinakana kuti kondakitala aiike pamwamba. Ndinaifukata pamiyendo ngati mwana. Kunkatentha koopsa, anthu atathithikana, ndipo mayi amene ndinakhala naye ankangoti mwanyamula chiyani chosafuna kusiyana nacho. Ndinati ndi mankhwala a odwala. Masiku amenewo kunali mphekesera za anthu odula anzawo ziwalo kukapangira zizimba, ndipo munthu akakuganizira zimenezo sankadikira kuti ufotokoze. Njira yonse, kudutsa pa Machinga mpaka kutsetsereka kulowa ku Liwonde, ndinkangonunkhiza mpweya, kuopa kuti katoni yayamba kumveka. Ntchentche imodzi itatera pachitenje ndinaiingitsa msangamsanga, anthu asanaione.

Pa mlatho wa Shire panali apolisi. Tonse tinatsika, aliyense ndi katundu wake, makadi m'manja. Ndinaonetsa kadi yanga. Wapolisi, bambo wachikulire wa ndevu zapamlomo, analoza katoni ndi ndodo yake.

"Umu muli chiyani, mayi?"

 Ndinati ndili ndi kalata ya adokotala.

"Ili kuti?"

"Ili momwemo, bwana."

"Tsegulani."

Ndinapempha kuti tipite kuseri kwa kanyumba kawo. Mwina ndinanena motsitsa kwambiri, chifukwa sanamve, ndipo anthu anali atayamba kale kusendera kuti aone chimene mayi uyu akukanira. Ndinagwada pamsewu. Mfundo ya chingwe inandikanika, wapolisiyo anachita kudula ndi mpeni. Kalata inali pansi. Kuti ndiitulutse ndinayenera kunyamula chimene chinali pamwamba pake, ndipo nditanyamula, pulasitiki inafunyuluka mbali imodzi. Zala zinatuluka.

Mayi uja ndinakhala naye anakuwa. Anthu anabwerera m'mbuyo kenako anabweranso onse pamodzi. Ndinamva mawu akuti mfiti, ena akuti wapha munthu, wina akuti m'ponyeni m'madzi ng'ona zimudye. Mwala unagwera pafupi ndi bondo langa. Shire anali pomwepo, kunsi kwa mlatho, madzi akuwinduka pa zitseko za baraji. Chimene ndinaganiza panthawiyo n'chodabwitsa. Sindinaganize za ana anga. Ndinaganiza kuti akandilanda katoniyi, ndikawauza chiyani amayi akadzuka. Ndinaigwira ndi manja onse awiri n'kuigonera.

Wapolisi uja anaimika ndodo m'mwamba, mnzake anabwera n'kuima pakati pa ine ndi gulu. Anatola kalata. Inali itanyowa pakona imodzi. Anaiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, anaitembenuza, anayang'ana chidindo, anaiwerenganso. Kwa ine zinali ngati wawerenga tsiku lathunthu.

"Nafisa Sitima ndi ndani wanu?"

"Amayi anga aakulu."

"Ali moyo?"

"Ndawasiya akupuma, bwana. Sanadzuke."

Anatembenukira kwa anthu n'kuiwerenga mokweza, Chingerezi chake n'kumachimasulira yekha. Phokoso linazilala, koma nkhope sizinasinthe. Dalaivala ananena poyera kuti basi yake sinyamula maliro, ndipo anthu anavomereza. Anakwera onse, basi inapita. Ine ndinatsala ndili chogwada pamsewu, dzuwa litapendeka kale, kwa Kalembo kuli kutali.

Wapolisiyo anandithandiza kumanga katoni, nkhope atayang'ana kumbali. Anandipatsa madzi m'kapu yake. Itabwera lole yopanda katundu yopita kukatenga thonje ku Ulongwe, anaiimitsa n'kuuza dalaivala kuti mayi awa akatsike kwa Kalembo, ndipo usawafunse mafunso. Dzina lake sindinalifunse, ndipo ndimadandaula nazo mpaka pano.

Ndinafika kumudzi mithunzi itatalika. Anyamata anali atakumba kale, shehe akudikira pansi pa mtengo wa mango ndi amuna angapo. Akazi anali atasonkhana pakhonde pa amayi aakulu, koma nditalowa m'nyumba ndi katoni palibe ananditsatira. Maliro athunthu anawazolowera. Izi zinali zachilendo, ndipo mwini wake anali moyo.

Mayi anga anandibweretsera ndowa ya madzi a pachitsime n'kunena kuti fulumira, dzuwa likupita. Ndinatunga ndi chikho. Ndinatsala pang'ono kuthira. Madziwo anali ozizira, ndinawamva pa zala. Ndinaganiza kuti adziwa ndani, ndi mkono chabe, ndipo nthawi yatha. Ndinaima choncho ndi chikho m'manja. Kenako ndinatuluka n'kukasonkha moto, mayi akundikalipira, shehe akutumiza munthu kudzafunsa chimene chikuchedwetsa. Madziwo nditawatenthetsa ndinawayesa ndi chigongono kawiri.

Nditaufunyulula mkonowo ndinkayembekezera kukomoka. Sindinakomoke. Pamene anadula anali atamangapo bandeji bwinobwino, chotupa chinali pomwepo, koma dzanja linali dzanja lawo lomwe lija, chikhatho chokhakhala ndi khasu, chipsera cha mpeni pa chala cholozera. Ndinazindikira kuti chikhalire sindinaligwirepo mwa kufuna kwanga. Ndinasambitsa chala chilichonse pachokha, katatu. Inki ya pa chala chachikulu inakana kuchoka ngakhale ndi sopo, ndinaisiya. Sindikudziwa kuti ndinayamba liti, koma ndinadzimva ndikulankhula: tsopano ndikukutembenuzani, amayi, musadabwe. Ndinalira pamenepo, kulira kwa manyazi, chifukwa cha zaka zonse zija za chinangwa.

Ndinakulunga mu nsanda, ndinamanga tizingwe titatu, ndinapereka kwa amuna pakhomo. Anabwerako kumanda dzuwa likungokhudza mitengo.

M'mawa ndinakwera basi yoyamba kubwerera ku Zomba, ndi mantha ena tsopano, oti mwina ndikapeza bedi litayalulidwa. Ndinawapeza ali maso, atatsamira pilo, milomo youma, phewa lili m'mabandeji. Sanandifunse za ulendo. Sanafunse za manda.

"Madzi?" anatero.

"Ofunda."

"Unayesa ndi chiyani?"

"Ndi chigongono."

Anandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndikunama. Kenako anatseka maso n'kunena kuti Alhamdulillah, ndiphikire phala, ndili ndi njala.

Anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse tinkapita ku Zomba kukajambulitsa chifuwa, ndipo ulendo uliwonse ine ndinkada nkhawa pamene iwo ankangokambirana ndi anthu m'basi za mtengo wa feteleza. Khansa sinabwerere. Anaphunzira kulima ndi kakhasu kakafupi, kusenda chinangwa atachipanira ndi mawondo, ndipo ndinkadya. Nthawi zina ankadandaula kuti zala zamanja zikuwayabwa, n'kundituma mwanthabwala kuti ndipite kumanda ndikawakande. Akaona mkazi ali ndi kachotupa kalikonse, ngakhale kochepa ngati njere ya chimanga, ankamulondola mpaka pakhomo, kumuonetsa phewa lawo, osachoka mpaka atalonjeza kupita kuchipatala. Mphini ankadana nazo ngati si iwo anatemetsa.

Ntchito yawo sanaisiye. Uthenga unkafikabe kwa iwo, iwo n'kudzera kwa ine. Ankakhala kumutu kwa womwalira, akulankhula naye, ine n'kumagwira. Sanandipemphe, sindinadzipereke, zinangochitika. Ankandidzudzula pamaso pa anthu kuti ndimafulumira ngati ndikutsuka mbale.

Anamwalira m'chaka cha 1992, chaka cha chilala chija, ndi chibayo wamba. Amuna anakumba pambali penipeni pa kamanda kaja, pamene shehe anali ataikapo mwala kuti pasasowe. Ine ndinasonkha moto, ndinayesa madzi, ndinagwada kudzanja lawo lamanja monga anandiphunzitsira. Ndinatunga chikho, ndipo poyambira panalibe. Akazi awiri amene ankandithandiza anayang'anana, akudikira kuti ndichita chiyani.

Ndinawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Lamanja ndinasambitsa kale, amayi," ndinawauza. "Mukalipeza likukudikirani. Tsopano ndipatseni lamanzere."